Mbuna za mkamwini

Malemu akazi anga ankazitcha ndiwo zaulesi. Ankati chibadwire sanaonepo nsomba yofuna magetsi, yofuna kusinthiridwa madzi Loweruka lililonse, koma m'poto osalowa. Ndikayamba kuwayankha ankangondidula, amvekere chabwino bambo, kadyetseni alendo anuwo. Tinakhala nazo zaka zisanu ndi chimodzi m'nyumba yathu kuseri kwa Chitakale, iwo akuzinena tsiku ndi tsiku. Koma magetsi akati azime masana, woyamba kuthamanga ndi kapu anali iwo omwewo, kumatunga madzi a m'thanki ndi kuwathiranso kuchokera m'mwamba kuti nsomba zipeze mpweya, kwinaku akung'ung'udza kuti nyemba zawo zikupserera pamoto.

Nsombazo ndinabwera nazo kuchokera kuntchito. Ndinagwira kunyumba ya alendo ya esiteti ina ya tiyi kuyambira tsitsi lili lakuda mpaka imvi zili mbuu, kusesa, kuphika, kusita, kupukuta mawindo. Pabalaza panali thanki yagalasi, kutalika kwake ngati benchi ya anthu atatu, ndipo munali mbuna. Izi ndi nsomba za m'miyala ya kunyanja, zotalika ngati chala chamkombaphala, zina zabuluu za mizere yakuda, zina zachikasu ngati papaya wakupsa. Anazibweretsa ndi manijala wina wakale, ndipo atachoka zinangosanduka ntchito yanga popanda wondifunsa. Ine nyanjayo sindinaionepo mpaka lero. Nditapuma pantchito, manijala watsopano anafuna kuika wailesi yakanema pamalopo, nandiuza kuti ndisankhe, kuzitenga kapena kuzikhuthulira m'ngalande. Thanki inakwera thirakitala ya nkhuni, nsomba zili m'ndowa ziwiri pakati pa miyendo yanga.

Anthu akaziona amati ndi zokongola, zofatsa. Kufatsa kwake kuti? Mbuna ndi nsomba yamtopola. Yaimuna iliyonse imasankha phanga lake pakati pa miyala, nkumakumba mchenga ndi pakamwa, kukalavula panja, mpaka pakhomo payere. Ikatero palibenso inzake yodutsa pamenepo. Poyamba ndinkaganiza ngati munthu woweta nkhuku, kuti atambala awiri salira m'khola limodzi, ndiye ndizichepetse kuti zikhale pamtendere. Ndinaononga nsomba zingapo ndi nzeru imeneyo. Zikachepa, yamphamvu imasankha imodzi nkumailondalonda mpaka kuipha. Zikachuluka ukali wake umagawika, ithamangitse iyi, ione ina ikudutsa, iiwale yoyamba ija, kenako itope.

China ndinachiphunzira ndi chisoni. Nthawi ina kuntchito kuja nsomba ina inatupa diso, ine mwachifundo nkuichotsa kukaisamalira payokha masiku anayi. Itachira ndinaibwezera. Phanga lake linali litalowedwa kale ndi ina. Zinzake zomwe inakula nazo zinaiona ngati yachilendo, nkuiluma mchira mpaka kusanduka chisanza, ndipo mmawa wake ndinaipeza itayandama pakona. Kuyambira pamenepo ndinadziwa kuti mbuna sichotsedwa pamalo pake. Ngati wakakamizika kuichotsa, pobwezera uyambe watulutsa miyala yonse ndi kuimanganso mwamtundu wina, kuti pasakhale yodziwa kwawo. Zonse zikakhala zachilendo zimayambira pamodzi kufuna malo.

Zina zonse ndi ntchito wamba, yotopetsa basi. Madzi athu a m'phiri ndi opepuka kwa nsomba za kunyanja, choncho ndimasinja zigoba za nkhono nkukwirira mumchenga. Chisanu cha chiperoni chikafika hita yofunditsa madzi iyake, apo ayi zimangokhala duu osadya. Chakudya cha m'zitini chitatha ndinayamba kuziphikira mpiru, kuusinja ndi ufa pang'ono wa usipa nkuyanika padzuwa. Akazi anga ankaseka kuti pakhomo pano ngakhale ndiwo zimadya ndiwo. Chimene chinawafewetsa mtima ndi yaikazi ina yachikasu imene inasiya kudya, kukhosi kutatupa. Iwo ankati ikufa. Ndinawauza kuti yasunga mazira m'kamwa, ndipo ikhala choncho masabata atatu osalawa kanthu. Tsiku limene inalavula tiana take anakokera mpando pafupi ndi galasi, nakhala pamenepo mpaka madzi osamba anazizira. Kuyambira tsikulo ankazitukwana ndi mawu ena, ofewa.

Tsono ine ndine mkamwini, ndipo mkamwini wopanda kwawo. Makolo anga anaoloka kuchokera ku Mozambiki kudzatchola tiyi, ine ndinabadwira m'malayini a kampani, ndipo onse awiri anagona m'manda a pa esiteti. Anthu amati kwanu nkwanu, koma kwathu kunali nyumba ya nambala imene lero mukukhala banja lina. Nditakwatira ndinapita kwa akazi anga monga mwa mwambo, ndipo pamalo a amayi awo ndi pamene ndinaumba njerwa, kuotcha, kufolera malata. Chitseko ndinapachika ndekha, nchifukwa chake chimakhula pansi potsegula mpaka lero. Anzanga akuntchito anandichenjeza kuti ndigule kapuloti kangakanga. Ndinkawaseka. Ndinkati ine ndi mayi aja tidzatsatizana kumanda, ndani adzapeze mpata wondithamangitsa? Mulungu anatipatsa ana aamuna okhaokha, awiri. Wina ndi mkamwini ku Phalombe, wina ali ku Joni. Kuno malo amatsata ana aakazi, ndipo ife mwana wamkazi tinalibe. Zimenezi ndinkazidziwa bwinobwino, koma ndinkangozikankhira mawa.

Akazi anga anadwala miyezi isanu, shuga ndi kutupa miyendo, namwalira chiperoni chili pakati. Sindifuna kunena zambiri za masiku amenewo. Kamodzi kokha anayamba nkhani ya nyumba, akuti bambo, ine ndikapita inu mudzagona kuti, ine nkuwakalipira kuti asiye kuitana imfa. Amene ankawasambitsa ndi kuwatembenuza anali mwana wamkazi wa mng'ono wawo, mayi wa atsikana atatu, amene ankachita lendi kachipinda kamodzi kuseri kwa msika ndi mwamuna wake. Ndikunena izi kuti wina asaganize kuti ndi munthu woipa. Ankabwera mmawa uliwonse, osadandaula ngakhale tsiku limodzi.

Patapita mwezi tinameta, ndipo tsiku lomwelo anandisudzula. Kusudzula ndi kumasula munthu wofedwa, kumuuza pamaso pa abale kuti ukwati wathera pamenepa ndipo alibe mlandu. Anayankhula ndi alamu anga, mlongo wawo wa malemu, amene ndi mwini mbumba. Anandiyamikira mpaka ine manyazi, kuti ndinali mkamwini waulemu, sindinatambasulirepo dzanja mlongo wawo, sindinakanganepo ndi munthu za malire. Kenako anati mwambo umafuna kuti wosudzulidwa anyamule kachikwama akagone kwa abale ake, kuti mzimu wa malemu umusiye.

"Masabata awiri okha, alamu," anatero. "Mukabwera tidzakhala pansi tikambirane za nyumbayi."

Abale, ine ndinadziwa. Munthu amene wakhala zaka zonsezi akuyang'ana mbuna sangalephere kudziwa chimene chimachitika ukachoka paphanga. Mawu anafika pakhosi oti ayi, ine ndigona m'nyumba mwanga, akazi anga sanandivutitse ali moyo, sangayambe lero. Koma ndinali nditatopa. Miyezi isanu yosagona bwino, maliro, alendo osatha, ndipo anthu onse pabwalo paja anali akundiyang'ana mwachifundo. Mkamwini amene wangoyamikiridwa kumene kuti ndi waulemu angayambe bwanji makani pamphasa yomweyo? Ndinangofunsa za nsomba. Mwana wa mng'ono wawo wa malemu uja anati azizidyetsa ndiye, ndipo azigona m'nyumbamo kuopa akuba. Ndinamuonetsa muyeso wa chakudya, kotsina ndi zala ziwiri kamodzi patsiku, ndi kapu ya magetsi akazima. Ndinamuuza kawiri kuti asachotsemo kanthu. Chifukwa chake sindinamuuze, mphamvu zofotokoza ndinalibe.

Mbale amene ndatsala naye ndi mlongo wanga, wamasiye nayenso, ku Likhubula m'tsinde mwa phiri. Nyumba yake ndi ya zipinda ziwiri, magetsi kulibe. Anandilandira bwino, nandiyalira m'chipinda chimene amasungamo makaka ndi nandolo. Masana ndinkangokhala pamwala kuonerera amuna onyamula zikwama za alendo akukwera phiri, misana itapindika. Ndikatopa nkukhala ndinkatsikira kumtsinje kukatola miyala yosalala, yopanda nsonga, mwachizolowezi chabe. Mlongo wanga ataona mulu wake pakhomo anandifunsa ngati mutu wayamba kusokonekera. Masabata awiri atakwana alamu anatumiza uthenga kuti ali ku Limbuli kumaliro ena, ndidikire pang'ono. Pang'onopo panakwana sabata inanso. Sindinadikirenso uthenga wina. Ndinamanga miyala ija m'thumba pakaliyala ya njinga nkupalasa.

Ndisanafike nkomwe pakhomo ndinaona madiresi a ana pachingwe. Mpando wanga wandalema unali pakhonde, utanyowa ndi mvula. M'nyumba makatani anali ena, pabedi pathu panali bulangete losalidziwa, ndipo m'chipinda chimene ankagona anyamata anga munali mphasa ndi makope a sukulu. Zonsezi ndinaziona. Ndinalunjika kuthanki.

Ndinayang'ana kawiri, imodzi panalibe. Inali yaimuna yaikulu kuposa zonse, yabuluu wowala, imene inalamulira phanga la pakati zaka zinayi. Akazi anga ankaitcha kapitawo, poti inkangozungulira kuyang'anira zinzake osagwira ntchito, ndipo ngakhale ankainena, chakudya ankayamba kuponyera iyo. M'phanga lakelo munali mutalowa kale ina yaing'ono imene ndinaisiya yotuwa, tsopano itawala ngati yapakidwa utoto.

Mwana uja anabwera akupukuta manja, nagwada kundilonjera. Moniwo sindinayankhe, ndinangomufunsa kuti kapitawo ali kuti.

"Ababa, imazunza zinzake kwambiri," anatero. "Ndinaimvera chisoni yachikasu ija. Ndiye ndaiika payokha m'ndowa, ngati mmene timachitira ndi tambala wolusa, kuti mtima utsike."

Ndowayo inali kukhitchini, pasimenti pozizira, masiku asanu ndi anayi. Madzi ankasintha tsiku lililonse, apo ayi bwenzi ndinapeza mtembo. Nsombayo inali duu pansi, itatuwa ngati phulusa, pakamwa pokha pakusuntha. Pamenepo ndinapsa mtima. Ndinakalipa mawu amene sindinakalipirepo ngakhale ana anga obereka ndekha. Ndinamufunsa kuti anamutuma ndani kuweruza milandu ya m'nyumba mwanga, ndani anamuuza kuti nkhalamba ikalimba pamalo pake ndiye kuti iponyedwe m'ndowa. Atsikana ake anathawira kuseri. Iye anangowerama, misozi ili mbwembwembwe. Ndikulankhula chonchi ndinkadziwa ndithu kuti sindikukalipira nsomba yokha, ndipo naye ankadziwa. Manyazi ake ndikadali nawo.

Nditatopa nkukalipa ndinapinda malaya. Ndinatulutsa miyala yonse umodziumodzi nkuyala pathumba, nsomba zili balalabalala. Ndinasalaza mchenga, kufafaniza maenje onse amene zinakumba. Miyala ya ku Likhubula ija ndinaitsuka ndi madzi otentha, kuisakaniza ndi yakale, nkumanga mapanga atsopano, wapansi kupita pamwamba, wakumanja kupita kumanzere. M'ndowa muja ndinkathiramo madzi a m'thanki pang'onopang'ono kuti kapitawo azolowere kufunda asanalowe.

Alamu anandipeza manja ali m'madzi mpaka m'zigongono. Anakhala pampando nafunsa kuti ndikugwetseranji nyumba za nsomba. Ndinawafotokozera, ndipo kunena zoona ndinafotokoza motalika kuposa mmene funso linkafunira. Ndinati imene yachoka ikabwerera imapeza malo ake atatengedwa, ndipo palibe yolakwa, ndi chibadwa chake. Ndinati mankhwala ake ndi kusuntha miyala yonse, iliyonse itaye pang'ono, ndipo malo amapezeka okwanira zonse. Ndinkalankhula ndikuyang'ana m'madzi, koma mtima unali pa chipinda cha anyamata chija, chimene chikanandikwanira ine ndi bedi langa.

Alamu si munthu wopusa. Anadikira mpaka ndinamaliza kutsanulira kapitawo m'thanki ndi kufunditsa galasi ndi chitenje cha malemu, kuti mukhale mdima zisaonane msanga.

"Ndamva, alamu," anatero. "Koma miyala yanuyi imanyamulika ndi dzanja limodzi. Imene anaika amayi athu sinyamulika."

Tinakakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, umene ndinabzala chaka chimene anabadwa mwana wathu woyamba. Nkhani sinatalike, poti mbumba inali itakambirana kale ine kulibe. Malo ndi a ana aakazi. Mwanayu ali ndi atsikana atatu m'kachipinda ka lendi. Bambo wosudzulidwa sangagone nyumba imodzi ndi mwana wamkazi wa eni pamodzi ndi mwamuna wake, anthu anganene chiyani? Nanga ndikadzafuna kukwatiranso, mkaziyo ndidzamulowetsa pamalo a yani? Apa ndinaseka, kuseka kowawa, ine wa mawondo awa kukwatiranso. Anati ngati ndikufuna ndikhoza kusasula malata ndi chitseko, ndi thukuta langa, palibe angandiletse. Ndinakana. Denga limene linafunda akazi anga akudwala sindingalisasule kuti adzukulu awo azinyowa. Ndinaimbira foni ana anga ndili pomwepo. Wa ku Phalombe anati iye naye ndi mkamwini, pakamwa pake mpomangika. Wa ku Joni anati ndipirire, adzaona akadzabwera. Sanabwere mpaka pano.

Pomaliza ndinafunsa za nsomba. Ndinati kwa mlongo wanga kulibe magetsi, ndipo popanda pampu ndi hita sizingathe sabata m'chisanu cha m'tsinde mwa phiri. Sindibisa, ndinkayembekeza kuti mwina apa pokha mitima ifewa, anene kuti basi khalani m'kachipindamo muziyang'anira ziweto zanu. Alamu anayang'ana mwana uja, iye navomera ndi mutu msangamsanga, wokondwa kuti wapeza chondichitira.

"Nsombazo zikhale, alamu," anatero alamuwo. "Izo sizikuvutitsa munthu. Inu muzibwera kudzaziona."

Papita chaka ndi miyezi ingapo. Kapitawo sanafe. Phanga la pakati sanalipezenso, koma anakumba kadzenje kumbuyo pafupi ndi hita, ndipo mtundu wake unabwerera pang'ono. Loweruka lililonse ndimapalasa kuchoka ku Likhubula, paipi yopopera madzi ndi kachitini ka chakudya zili pakaliyala. Mawondo akukana, pachitunda ndimatsika nkumakankha njinga. Mlongo wanga amati ndizisiye, nsomba zosadyedwa zidzandiphetsa pamsewu, ndipo masiku ena ndimaona ngati akunena zoona. Ndatopa nazo, koma ndikadzasiya ndidzapitanso pakhomo paja ndi chifukwa chanji? Mwana uja tsopano akudziwa zambiri, kapu amathamanga nayo ngati mmene ankachitira amayi ake aakulu, ndipo ndikamaliza amandiphikira tiyi ndi chinangwa. Palibe amandinyoza. Ndikafika ndimatsamiritsa njinga pa mtengo wa mapeyala, ndimaima pa chitseko chokhula chija, ndimati odi, nkudikira kuti andiyankhe.

Loweruka lathali sanandiyankhe. Onse anali atapita ku ukwati, ndipo anaiwala kundiuza. Makiyi ndikudziwa pamene amakhala, pansi pa njerwa yachiwiri kuseri kwa mpopi, poti malowo tinasankha ndi akazi anga ndipo mwanayu sanasinthe. Ndinaima pamenepo kanthawi ndikuyang'ana njerwayo. Kenako ndinakakhala pandalema paja pakhonde, paipi ili pamiyendo, ndikumva pampu ikulira kuseri kwa windo, mpaka eni nyumba anabwera dzuwa litapendeka.